Jamu wa mango wakana kulimba, kenako wachita chuku: yankho kwa mayi a ku Chipoka

Mayi ena a ku Chipoka anditumizira imelo, ndipo ndaona kuti ndiwayankhe pompano poti mango ayamba kale kupsa m'mitengomu ndipo funso lawoli likhudza anthu ambiri kuno ku Salima. Akuti chaka chatha anaphika jamu wa mango a pakhomo pawo, anasankha okupsa kwambiri okhaokha, shuga anathira pang'ono chifukwa mangowo anali otsekemera kale komanso shugayo wakwera mtengo, atamaliza anathira m'mabotolo apulasitiki a chiponde. Jamuyo sanalimbe, anangokhala madzimadzi, ndipo pasanathe masabata awiri pamwamba panamera chuku nkuyamba kusasa. Akufunsa kuti chinavuta ndi chani, komanso ngati malambe ndi bwemba zingapange jamu.

Zikomo mayi polemba, ndipo musataye mtima chifukwa vuto lanuli ndi lokonzeka ndithu, mankhwala ake ali m'mitengo yathu yomweyi.

Kuti jamu agwirane pamafunika zinthu zitatu zikumane mupoto, shuga wokwanira, kuwawasa, ndi kanthu kena kamene kamakhala m'zipatso kotchedwa pectin, ndiko kamalimbitsa. Tsono mango akapsa kwambiri kuwawasa kumatha ndipo pectin uja amachepanso, ndiye inu munasankha mango okoma kudya koma ofooka pa jamu. Ulendo uno sakanizani, ambiri akhale okupsa bwino koma pa mango anayi alionse limodzi likhale longoyamba kupsa, lija loti ukaluma limawawasabe. Maboloma ndi abwino poti ali ndi mnofu wambiri, kalisere amakoma zedi koma ulusi wake umafuna kuti mukaphika musefe kaye pa sefa. Mango ogwa pansi nkuphwanyika kapena oyamba kuwola mbali ina asiyeni, jamu sabisa chipatso chowola.

Za shuga ndiyankhule mosabisa, apa ndi pamene jamu wanu anafera. Shuga mu jamu sitithirira kutsekemera kokha ayi, ntchito yake yaikulu ndi kumanga madzi a m'zipatso kuti chuku ndi tizilombo tosasitsa tisapeze pokhala. Mukamuchepetsa ndiye kuti mwaphika zipatso zoti mudye lero ndi mawa basi, ndipo ndi kutentha kwa kunyanja kuno mu November ndi December sizichedwa nkomwe kusasa. Pa kilo imodzi ya mnofu wa mango, mutachotsa makoko ndi nthangala, thirani shuga magalamu 750 mpaka kilo yathunthu, ndi madzi a mandimu awiri. Ndikudziwa kuti paketi ya shuga ikupweteka m'thumba masiku ano, ngakhale nzimbe zikulimidwa pompa pa Dwangwa, koma bola kuphika mabotolo atatu a jamu weniweni kusiyana ndi khumi oti mukataye kudzala pamodzi ndi shuga yemwe munathirayo ndi makala omwe.

Tsopano malambe, amene ine ndimawakonda kuposa chilichonse pa nkhaniyi. Ufa woyera uja wa m'kati mwa malambe ndi wowawasa komanso uli ndi pectin wambiri, zomwezo zimene mango okupsa alibe, ndiye zipatso ziwirizi zimathandizana bwino kwabasi. Malambe amapezeka nthawi yachilimwe mango asanafike koma sawonongeka msanga, mukawasunga pouma osawaswa amadikira mpaka mango apse. Tengani makapu awiri a nthangala zake zaufa zija, vikani m'madzi ofunda pang'ono okwana kungozimiza, tikitani ndi manja oyera mpaka ufa wonse usungunuke, sefani, ndipo madzi okhathamirawo thirani mu kilo ya mango ija. Mukatero ndimu mmodzi akwana. Jamu wake amalimba bwino ndipo kakomedwe kake sikotsekemera kokhakokha, kamakhala ndi kakuwawasa kopatsa mudyo pa buledi kapena sikono.

Kaphikidwe kake, yambani ndi zipatso zokha ndi madzi a malambe ndi mandimu aja pamoto wochepa mpaka zifewe, shuga abwere pambuyo, muvundule ndi mthiko mpaka asungunuke yense musanakoleze moto. Akasungunuka ndiye pezani makala oyaka bwino pambaula jamuyo abwate mwamphamvu, inu muli pomwepo kuvundula kuti asapserere pansi, thovu la pamwamba muzichotsa ndi supuni. Poto akhale wotakasuka ndipo asadzaze kupitirira theka chifukwa jamu amafufuma komanso amadumpha, akakugwerani pamkono amawotcha moopsa, ana akhale kutali chonde. Mthiko wake usakhale wa ndiwo, fungo la anyezi kapena usipa limalowa. Njere za mandimu aja musataye, zimangeni mukansalu koyera muponye mupoto momwemo, nazonso zili ndi pectin, mudzavuule pomaliza.

Amene ali ndi choyezera kutentha amadikira kuti afike madigiri 104 kapena 105, koma ambirife tilibe ndiye timayesa ndi mbale. Ikani kambale mufiliji, ngati mulibe kayandamitseni pamadzi ozizira a mumtsuko, donthezani jamu pang'ono, dikirani kamphindi nkukankha ndi chala. Akachita makwinya pamwamba ndipo mpata wa chala chanu osatsekeka ndiye kuti wapsa, phulani. Kawirikawiri zimatenga mphindi 15 mpaka 25 chiyambire kubwata, koma khulupirirani mbale osati wotchi poti moto wa makala sufanana.

Mabotolo a chiponde apulasitiki aja alekeni, jamu wotentha amawafinya ndipo simungawawiritse, ndiye mumakakamizika kudikira jamu azizire ali pamtetete, mpamene chuku chimalowa. Funani agalasi okhala ndi zivundikiro zachitsulo zopanda dzimbiri, monga a mayonezi, muwatsuke ndi sopo, muwawiritse mphindi 10 ndi zivundikiro zomwe, ndipo muthire jamu akadali wotentha m'botolo lotenthanso kusiya kampata kochepa pamwamba. Pukutani kukamwa kwa botolo, tsekani zolimba, kenako muwiritsenso mabotolo odzazawo m'madzi owamiza mphindi zina 10 mutayala kansalu pansi pa poto. Akazizira pakati pa chivundikiro pamalowa m'kati, limene silinalowe mudye limenelo poyamba. Ndipo jamu amene wachita chuku musangochotsa pamwamba nkudya wapansi, tayani yense.

Bwemba naye amatheka, mumamuvika, kutikita nkusefa chimodzimodzi malambe, kungoti ndi wowawasa kwambiri ndiye payekha amafuna shuga wochuluka, ine ndimakonda kumusakaniza ndi papaya lomwe palokha ndi lozizira ndipo sililimba. Magwafa ndiye savuta konse, ndi amene ndingakuuzeni muyesere jele, amene ndi jamu wa madzi a zipatso okha wopanda mnofu, mumawaphika ndi madzi mpaka afewe, kuthira munsalu yoyera nkuipachika usiku wonse madzi azidontha okha, osafinya ayi mukafinya jele amachita mbuu, m'mawa muyeze madziwo, pa makapu anayi shuga makapu atatu ndi ndimu mmodzi, nkubwatitsa mpaka mbale ija ivomere. Chidede chofiira chija chimene ambiri timangodya masamba ake nachonso chimapanga jamu wofiira bwino wolimba yekha.

Mwanenanso kuti mukufuna kumadzagulitsa. Ngati mukulinga m'mashopu a pa Kamuzu Road kapena malo ogona alendo ku Senga Bay, dziwani kuti zakudya zogulitsa motero zimayenera kudutsa ku bungwe loona za ubwino wa katundu la Malawi Bureau of Standards, ndiye chaka chino yambani ndi wa pakhomo, muzilemba tsiku lophika pabotolo lililonse muone kuti akukhala nthawi yaitali bwanji. Mabotolo osatsekula sungani pamalo amthunzi ozizirirako, ndipo ngati filiji mulibe sankhani ang'onoang'ono oti mukatsekula athe pasanathe sabata, potunga muzigwiritsa supuni yoyera ndi youma osati mpeni umene wadutsa kale mu majarini.