Kulira kwa mwana si umboni woti mkaka wachepa

Achemwali, mwati mwana wanu wa miyezi iwiri akumalira kwambiri madzulo, ndipo apongozi akuti mkaka sukumukwana, mumuyambitse phala ndi timadzi poti kunja kwatentha. Ine ndikuti musamuyambitse. Ndikudziwa kuti kukanira apongozi pakhomo pawo si nkhani yamasewera, koma ndimvereni kaye.

Yang'anani matewera. Ngati akunyowetsa kasanu ndi kamodzi kapena kuposa apo pa tsiku, mkodzo wake uli woyera wosanunkha kwambiri, mwanayo mkaka akuupeza. Onaninso buku lake la kusikelo. Sikelo ikamakwera mwezi ndi mwezi, mtima ukhale m'malo. Ana ambiri a msinkhu umenewu amavuta madzulo, akufuna bere pafupipafupi, akufuna kunyamulidwa, mwina mpweya wawatsekera, ndipo zimenezi zimayamba kuchepa akamafika miyezi itatu kapena inayi.

Unduna wa Zaumoyo ndi bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO amanena chimodzimodzi: kuyamwitsa mwakathithi miyezi 6, opanda madzi, phala kapena mankhwala azitsamba, kenako zakudya zina uku bere likupitirira mpaka zaka 2 kapena kuposa apo. Za ludzuzo musadandaule, mbali yaikulu ya mkaka wa m'mawere ndi madzi. Woyamba kutuluka umakhala wamadzimadzi, ndiwo umapha ludzu, wamafuta wokhutitsa umabwera pambuyo. Choncho musamuchotse msanga, amalize bere limodzi kenako mumupatse linalo. Chimene chimandidetsa nkhawa ndi phala n'chakuti matumbo ake sanakhwime, angayambe kutsegula m'mimba. Komanso akakhuta phala adzayamwa pang'ono, bere nalo lidzachepetsa mkaka, chifukwa limapanga molingana ndi mmene likuyamwidwira. Pamenepo ndiye mawu a apongozi aja adzaoneka ngati oona.

Lero lomwe, akamayamwa mumuyang'anitsitse. Kamwa ikhale yoyasamula kwambiri, mlomo wam'munsi wopindikira kunja, chibwano chitagunda bere, ndipo gawo lakuda lozungulira nsonga ya bere lilowe lambiri m'kamwa, osati nsonga yokha. Muzimumva akumeza. Ngati nsonga zikuwawa kapena zang'ambika, kawirikawiri vuto ndi kagwiridwe ka bereko, anamwino akhoza kukukonzerani mu mphindi zochepa. Usiku nawonso muziyamwitsa.

Kwa amayi ena m'gulu lino la pa Facebook amene ali pa ma ARV, kusakaniza bere ndi phala miyezi 6 isanakwane kumawonjezera chiopsezo kwa mwana. Imwani mankhwala mosadumphitsa, yamwitsani mwakathithi.

Tsopano za apongozi. Musakangane nawo, iwo analera ana awo choncho ndipo akunena chifukwa chomukonda mdzukulu. Bambo a mwana ndiwo alankhule nawo nkhaniyi, poti amenewo ndi mayi awo. Tsiku la sikelo muwapemphe akuperekezeni, akamve okha kwa alangizi a zaumoyo. Ndipo phala akufuna kuphikalo akuphikireni inuyo, la mgaiwa lothira nsinjiro, akuthandizeninso kuchapa matewera kuti inu mugoneko masana. Mayi woyamwitsa amafunika kudya, kumwa ndi kupuma, ndipo ambiri kunyumba amaiwala zimenezi.

Koma mwana akamatentha thupi, akamakana bere, liwombo likalowa, akafooka kapena sikelo ikaima, musadikire mayankho a pa Facebook, thamangani kuchipatala. Akakuuzani kumeneko kuti pakufunika mkaka wam'chitini, musachite manyazi. Ndipo ife ena tisiye kunyoza amayi amene akugwiritsa ntchito mkakawu, sitidziwa zimene akumana nazo. Ofunika ndi madzi owiritsa, kapu yotsuka bwino m'malo mwa botolo, ndi muyezo weniweni wolembedwa pachitinipo. Osasungunula ndi madzi ambiri pofuna kuti chitini chichedwe kutha, mwana amanyentchera nazo zimenezo.