Kodi chithunzi cha injini cha 3D chingandithandize kusulitsa chipangizo?

Funso: Ndikuphunzira umakaniki, ndipo pa intaneti ndapeza chithunzi cha 3D cha injini ya dizilo yofanana ndi ya chigayo cha amalume anga. Kodi ndingatengepo miyeso n'kukasulitsa chipangizo chomwe chatha? (Wowerenga wa ku Mchinji)

Yankho: Zikomo pofunsa musanawononge ndalama. Choyamba fufuzani kuti chithunzicho anachikonzera ntchito yanji, chifukwa zithunzi zotere zili mitundu iwiri. Zambiri zopezeka pa intaneti zimakonzedwa ndi mapulogalamu ngati Blender kuti zikongoletse makanema kapena malonda, ndipo ngakhale zimaoneka ngati zenizeni, wozijambula amangoyerekeza kukula kwa ziwalo. Zina zimakonzedwa ndi mainjiniya pa mapulogalamu a CAD, omwe ndi ojambulira zipangizo pa kompyuta, monga SolidWorks, CATIA kapena FreeCAD, yomwe ndi yaulere, ndipo m'menemo bowo lililonse limakhala ndi muyeso wake weniweni. Fayilo ya mtundu wa STEP kawirikawiri imachokera ku gulu lachiwirili.

Zithunzi za CAD n'zodalirika kwambiri moti ndege ya Boeing 777, yomwe inauluka koyamba mu 1994, inajambulidwa yonse pa kompyuta ndi CATIA. Opanga injini amalumikiza pisitoni, crankshaft (chitsulo chomwe pisitoni imazunguza) ndi mavavu pa kompyutapo, n'kuziyendetsa kuti aone ngati pali zogundana, komanso amayesa mmene chitsulo chingapirire kutentha ndi kupanikizika asanachisungunule n'komwe. Kampani ya GE inajambula pa kompyuta nozo yopopera mafuta ya injini za ndege za LEAP n'kuipanga ndi makina osindikiza zinthu a 3D, ndipo zidutswa pafupifupi 20 zinasanduka chipangizo chimodzi.

Komabe pa nkhani ya chigayo chanu, ine sindikulangizani kudalira chithunzi chomwe simukudziwa mwini wake. Mpata wa pakati pa pisitoni ndi silinda sufika ngakhale theka la milimita, choncho kuphonya pang'ono kungachititse kuti injini izidya oyilo kapena igwire ikatentha. Kuwonjezera apo, injini yomwe yagwira ntchito zaka zambiri imakhala itaperepeseka, ndipo miyeso yake imasiyana ndi ya yatsopano.

Chithunzicho chigwiritseni ntchito pophunzira mmene ziwalo zimalumikizirana, chifukwa mungathe kuchitembenuza ndi kuchiphwasula osagwira sipanala. Miyeso yosulira itengeni m'buku la kampani yomwe inapanga injiniyo potsatira nambala yolembedwa pa injinipo, kenako muyeze chipangizo chakalecho ndi chida choyezera miyeso ing'onoing'ono monga vernier caliper kapena micrometer pamodzi ndi mmisiri amene adzasule chatsopanocho.