Keke ya pa ukwati, sikelo, ndi zitumbuwa za azakhali anga

Kalatayi inandipeza Lachitatu usiku, magetsi atazima, batire ya foni ili pafupi kutha. Achemwali ena a ku Mabvuku, muno mu Harare, akuti atha miyezi itatu ali pa keto, kadyedwe kopewa sitachi ndi shuga n'kumadalira zamafuta, koma Loweruka anadya zidutswa ziwiri za keke pa ukwati wa mng'ono wawo. Pofika Lolemba sikelo yakwera ndi makilogalamu awiri. Funso lawo ndi lakuti: "Kodi ndaononga zonse? Ndisale kudya masiku atatu kuti ndilipire?"

Mawu akuti "ndilipire" ndi amene anandisowetsa tulo. Mulipire kwa ndani, achemwali? Mlandu wake uti, wozenga ndani? Ndikufunsa chonchi chifukwa inenso ndinadzizengapo mlandu womwewu, ndipo chigamulo chake chinali chopusa.

Zaka zingapo zapitazo namwino anandiuza kuti shuga wanga wafika m'malire, ndikapanda kusamala ndiyamba mapiritsi. Ndinachita mantha, chifukwa mayi anga matendawa anawadya maso. Ndiye ndinasiya nsima, buledi, mpunga, mbatata, thobwa, zonse tsiku limodzi. Thupi linapepuka, zovala zinayamba kukhwepa, ndipo ine ndinasanduka mlaliki. Ndinkayang'ana mbale za anzanga kuntchito ngati wapolisi wa pamsewu.

Kenako kunabwera mwambo wovundukula chiliza cha agogo anga aakazi. Titachoka kumanda ku Warren Hills tinasonkhana kunyumba ya makolo ku Mufakose. Azakhali anga, amene panopa akuyenda ndi ndodo, anali atadzuka kusanache kukazinga zitumbuwa monga ankachitira agogowo: nthochi zakupsa kwambiri zoti makoko ada kale, kuzisinja mumtondo pamodzi ndi mgaiwa, kamchere pang'ono, n'kuponya m'mafuta otentha. Agogo anabwera nalo luso limeneli kuchokera ku Dedza atatsatira amuna awo, mzinda uno ukutchedwabe Salisbury. Azakhali anandipeza kuseri kwa nyumba, anavundukula kansalu pa mbale, nati, "Mwanawe, tenga ziwiri zikadali zotentha. Agogo ako ankati mbale ikasowa, akaifune kwa iwe."

Ine, ndi mutu wanga wophunzirawu, ndinayankha kuti, "Pepani azakhali, masiku ano sindidya sitachi."

Anandiyang'ana kanthawi. "Sitachi ndiye chiyani? Izi ndi nthochi." Anavundikiranso mbale ija n'kubwerera kukhitchini pang'onopang'ono, ndodo ikugogoda pasimenti.

Tsono mverani zimene zinachitika usiku womwewo. Pobwerera ndinaima pomwetsera mafuta, ndinagula paketi ya mabisiketi, ndipo ndinaimaliza yonse ndili m'galimoto, injini yozima, osamva n'kukoma komwe. Pepala lake ndinalibisa pansi pa mpando ngati pali amene akundisaka. Ndinakana zitumbuwa ziwiri zopangidwa ndi manja amene anandilera, n'kukameza mabisiketi a kufakitale mumdima. Kuyambira tsiku limenelo, munthu akandiuza kuti kukana chilichonse chotsekemera ndiye kulimba mtima, ndimangomuyang'ana.

Za makilogalamu anu awiriwo, mtima pansi. Si mafuta amenewo. Thupi limasunga shuga m'chiwindi ndi m'minofu, wotchedwa glycogen, pafupifupi magalamu 100 m'chiwindi ndi 400 m'minofu. Galamu iliyonse ya shuga wosungidwayu imagwira madzi okwana magalamu atatu kapena kuposerapo. Mukayamba keto nkhokwe imeneyi imaphwa, madzi ake n'kutuluka, n'chifukwa chake sabata yoyamba mumakodza pafupipafupi sikelo n'kumatsika mokusangalatsani. Mukadya keke, nkhokwe imayamba kudzazanso, madzi n'kubwerera. Onjezani mchere wa nyama ya paukwati, ndipo sindikukhulupirira kuti mpunga munaudumpha. Kuti munthu aunjike kilogalamu imodzi ya mafuta enieni pamafunika makalori opitirira 7,000 pamwamba pa zimene thupi lagwiritsa ntchito. Zidutswa ziwiri za keke sizingafike n'komwe pamenepo.

Nkhanza zimene timadzichitirazi ndikuona kuti tinazibwereka kuchipatala. Dzina la kadyedwe ka keto linachokera kwa dokotala Russell Wilder wa ku Mayo Clinic, ku America, mu 1921, ndipo cholinga chake sichinali kuchepetsa mimba. Ankafuna kuthandiza odwala khunyu, makamaka ana. Thupi likasowa shuga limaotcha mafuta, chiwindi n'kupanga maketoni, ndipo kwa ana ena zimenezi zimachepetsa kugwa. Mpaka lero mwana wotere chakudya chake amachiyeza pasikelo, ndipo bisiketi imodzi ikhoza kubweretsa mavuto enieni. Pamenepo kukhwimitsa lamulo n'koyenera. Koma ife amene tikungofuna kutsitsa thupi ndi kuweta shuga tatenga lamulo la mwana wodwala n'kulisandutsa chipembedzo, chokhala ndi machimo ake ndi kulapa kwake. Kuno kummwera ambiri tinazimvera kwa Tim Noakes wa ku Cape Town, n'kumazitchula kuti Banting, dzina la Mngelezi wina, William Banting, amene analemba za kuonda kwake mu 1863. M'magulu a pa WhatsApp mungoyerekeza kunena kuti mwadya nthochi, muona mmene akukudzudzulirani, ngati mwaba nkhuku ya mfumu.

Chimene chimandikwiyitsa kwambiri, ndipo apa ndikudziwa kuti ena mundida, ndi makeke a keto. Aja a ufa wa maalimondi amene amagulitsidwa cha ku Borrowdale ndi ku Avondale pa mtengo woti ukanagula ndiwo za sabata. Munthu yemweyo amene akunyoza mnzake chifukwa cha kachidutswa ka keke ya paukwati, iye akudya "keke yololedwa" tsiku ndi tsiku pa tiyi wa 10 koloko. Lilime lake silinasiye kulira zotsekemera, langosintha sitolo. Komanso werengani zolembedwa kuseri kwa paketi. Pa zotsekemeretsa zolowa m'malo mwa shuga, stevia ndi erythritol sizikweza shuga m'magazi kwenikweni, koma maswiti ambiri olembedwa kuti alibe shuga amakhala ndi maltitol, amene amakweza ndithu, ndipo mukachulukitsa mudziwana bwino ndi chimbudzi. Ine zinandigwira ndili mu kombi pakati pa tauni ndi Kuwadzana, nkhani yake sindiifotokoza pano. Xylitol nayenso musamusiye poti galu angafikire, amapha agalu.

Ndikanakonda mutadya keke yeniyeni, ya shuga ndi batala, kanayi pa chaka, mutakhala pansi pakati pa abale anu, kusiyana ndi kudya yonamizira masiku 365.

Ndipotu makolo athu zotsekemera ankadya choncho. Tili ana, Fanta ndi buledi wopaka jamu zinali za pa Khirisimasi. Keke inali ya paukwati. Nzimbe ndi zipatso zinali ndi nyengo yake, ikatha yatha. Panalibe amene ankadzimva wochimwa chifukwa chodya keke. Chimene chasintha n'chakuti Khirisimasi ija yalowa m'khitchini tsiku lililonse. Tiyi wa m'mawa masupuni anayi a shuga, ndipo supuni yaing'ono imodzi ndi magalamu anayi. Masana chakumwa chotsekemera cha Mazoe. Madzulo kachitini ka Coca-Cola, kamene ka mamililita 330 kamakhala ndi shuga pafupifupi magalamu 35. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linanena mu 2015 kuti ndi bwino shuga woonjezera asapitirire gawo limodzi mwa magawo khumi a mphamvu za chakudya cha tsiku, ndipo kutsika mpaka masupuni asanu ndi limodzi n'kwabwino koposa. Boma lathu lino la Zimbabwe linafika poika msonkho pa shuga wa m'zakumwa mu 2024. Nzimbe za ku Triangle ndi Hippo Valley sizinalakwe kanthu, ngakhalenso za ku Nchalo ndi ku Dwangwa kumudzi kuja. Amene akudwalitsa anthu ndi shuga wa Lolemba, Lachiwiri, Lachitatu, amene timamwa osaganizira n'komwe. Wa paukwati wa mng'ono wanu ndi wamng'ono pa mlanduwu.

Tsono muchite chiyani?

Musasale kudya masiku atatu. Kudzilanga ndi njala ndi kumene kumabala paketi ya mabisiketi m'galimoto. Madzi akatayika saoleka, ingobwererani pa mbale yanu ya masiku onse: mazira, nsomba, nkhuku, repu kapena chibwabwa, peyala, sitachi ndi shuga zisapitirire magalamu 20 mpaka 50 patsiku. Imwani madzi, yendani pansi, sikelo muibise sabata yonse. Ambiri amabwerera mu ketosis, pamene thupi limaotcha mafuta m'malo mwa shuga, pakatha masiku awiri mpaka anayi. Ulendo wina sankhiranitu tsiku ndi chinthu chake, mudye ndiwo kaye, chotsekemeracho pambuyo, ndipo zotsala musanyamule. Ngati mukudziwa kuti inu kachidutswa kamodzi kamakutsegulirani chitseko cha sabata yonse, ndiye kanani ndithu, anthu tinapangidwa mosiyana. Koma ngati muli ndi matenda a shuga ndipo mumabaya insulin kapena kumwa mapiritsi, muli oyembekezera, kapena keto yanu ndi ya khunyu, zanga zonsezi ziikeni pambali mukalankhule ndi dokotala wanu, chifukwa mankhwala ena a shuga sagwirizana ndi keto ngakhale pang'ono.

Azakhali ndinakawaona patatha miyezi iwiri, nditanyamula nthochi zakupsa za ku Mbare Musika. Sanafunse kanthu. Anangoti, "Tenga mtondo uli kuseriko, manja anga atopa." Ndinadya zitumbuwa ziwiri nditakhala pamkeka, iwo akundiyang'ana mpaka nditameza. Atafuna kundiikira chachitatu ndinati zakwana, ndipo anangoti "chabwino", n'kukulunga zotsalazo m'nyuzipepala kuti ndikapatse ana.

Vuto langa lenileni likubwera mvula ikayamba, pamene masuku, aja anzathu achishona amati mazhanje, adzadzaza m'mabeseni m'mbali mwa msewu. Pa keke ndimatha kuwerenga zidutswa. Pa masuku ndimazindikira nthanga zitaunjikana kale pamiyendo.