Ndisiye ana n'kupita ku Japan?

Mphunzitsi wina wa sayansi wa ku Matero wanditumizira imelo. Akuti wamva za maphunziro a aphunzitsi amene boma la Japan limalipirira, koma ali ndi ana awiri. Funso lake n'lakuti: "Kodi n'zoyenera kusiya banja chaka ndi theka? Nanga ndikadzabwerako, padzasintha chiyani?"

Amayi, za papepala n'zachidule. Pulogalamuyi ndi ya unduna wa maphunziro wa ku Japan, MEXT, ndipo mumafunsira ku ofesi ya kazembe wawo kuno ku Lusaka. Amafuna digiri, zaka zosakwana 35, ndi zaka 5 mukuphunzitsa. Mumakhalako miyezi 18, 6 yoyambirira mukulimbana ndi chilankhulo. Ine nditapitako ndinkalandira ma yen 143,000 pamwezi. Ya chakudya ndi lendi imakwana, koma zoti mukagulira puloti ku Chalala iwalani. Za tchuthi chophunzirira yambani kuthamangira msanga, mapepala anga anagona pa desiki ina miyezi itatu.

Tsiku loyamba kukaona kalasi anatiuza kuvula nsapato pakhomo, ine sokosi yobooka pachala chachikulu. Manyazi anatha nditalowa. Aphunzitsi pafupifupi 20 anaimirira m'mbali mwa makoma, koma palibe amene ankayang'ana mnzawo wophunzitsayo. Onse anawerama pa makope a ana, akulemba zimene mwana aliyense akuchita. Funso la samu linali limodzi lokha, mphindi 45 zonse. Bolodi sanalifufute ngakhale kamodzi: funso kumanzere, njira zosiyanasiyana za ana pakati, kuphatikizapo zolakwika, zimene agwirizana kumanja. Ana atatuluka, aphunzitsi anajambula bolodilo n'kukhala pansi mpaka dzuwa kupendeka, nkhani yake mnyamata mmodzi amene anasokoneza mafulakishoni. Anaganiza bwanji kuti afike pa yankho limenelo? Basi.

Chimene chinandiwawa n'chakuti zimenezi ndinkazidziwa kale dzina. Lesson study, njira yoti aphunzitsi aonere phunziro limodzi n'kukambirana, inafika kuno mu 2005, kuyambira ku Central Province mothandizidwa ndi JICA, bungwe la boma la Japan lothandiza mayiko ena. Koma ine ndinkaitenga ngati tsiku lopezana zifukwa, kenako tisayine fomu tizipita. Ndinachita kukwera ndege kuti ndimvetse kuti mwana ndiye woyang'anidwa.

Ndiye mukabwerako padzasintha chiyani? Malipiro anga sanakwere. Kalasi ndinaipeza yodzaza kuposa kale, poti chiyambire maphunziro aulere mu 2022 ana ena amakhala pansi, pomwe ku Japan malire anali 40. Kuzungulira kope ndi kope sikutheka. Chimene chinatheka ndi bolodi lija, poti choko tili nacho. Ndimasankha ana atatu a mayankho osiyana, alembe, enawo atsutsane. Anzanga poyamba ankanditcha "wa ku Tokyo", pano awiri amabwera kudzaima kumbuyo Lachitatu lililonse.

Za ana, sindikunamizani, zimapweteka. Japan ali patsogolo ndi maola 7, ndiye ana akamaweruka inu tulo tili m'maso. Ndinkaimba pa WhatsApp pakati pausiku kuti ndiwapeze asanadye nsima yamadzulo. Kwathu zinayenda chifukwa apongozi anachoka ku Katete kudzakhala nawo. Ine ndikuti pitani, koma fomu musaigwire musanakhale pansi ndi bambo a ana n'kutchula dzina la munthu amene azidzawadzutsa m'mawa. Wanga wamng'ono, tsiku limene ndinafika pa bwalo la ndege la Kenneth Kaunda, anabisala kumbuyo kwa chitenje cha agogo ake, ndipo anadzandilola kumunyamula titadutsa kale Chelston.