Ku Bembeke kukuzizira chonchi koma mwana akupsa ndi dzuwa, zikutheka bwanji?

Mayi ena omwe ndi aphunzitsi anditumizira imelo. Akuti anawasamutsa kuchoka ku Salima kubwera ku Bembeke, ali ndi mwana wachialubino wa zaka 7, ndiye akudabwa kuti ku Salima kotentha kuja mwanayo sankapsa kwenikweni koma kuno kozizira khosi ndi makutu zafiira mpaka kusupuka. Akufunsa ngati ndi mphepo yakuno kapena madzi osamba.

Mayi, si madzi ayi, ndi dzuwa lomweli. Chomwe chimawotcha khungu si kutentha komwe timamva pathupi, ndi cheza china chosaoneka chomwe amati UV, ndipo thupi silimva kanthu pomwe chikulowa, mumangozindikira madzulo mwana akulira kuti pakhosi pakuwawa. Mpweya womwe uli pamwamba pathupa umasefako chezachi, ndiye mukamakwera kumtunda wosefayo amanka nachepa. A WHO, bungwe la zaumoyo padziko lonse, amati pa mamita 1,000 aliwonse UV imawonjezeka ndi pafupifupi 10 peresenti. Nyanja ya Malawi ili cha pa mamita 500, Dedza boma cha pa 1,600, nsonga ya phiri la Dedza 2,198. Ndiye mutangokwera kuchokera kunyanja dzuwa lomwe mukulandira lakula kale, olo mutavala juzi ziwiri.

Koma ine sindikuganiza kuti 10 peresentiyo payokha ndi yomwe yasupula mwanayo. Vuto lalikulu ndi kuzizira komweko, kumatipusitsa. Ku Salima dzuwa likaswa mtengo palibe amauza mwana kuti pita pamthunzi, amathawira yekha pansi pa mtengo wa mango. Kuno mu June ndi July aliyense amachita kulisaka dzuwa, ana pa buleki onse ali pakhoma kuwothera, nthawi zina kalasi yonse imatuluka kukaphunzirira panja poti mkati mukuzizira ngati mufiriji, ndiye mwana wanu akhala pamenepo mpaka 12 koloko kamphepo kakumupepesa osamva kuti akupsa. Nkhungu yathu ija nayonso musaidalire, mitambo yopyapyala imadutsitsa UV mpaka 80 peresenti. Ndipo poipa kwambiri sipanafike, cha kumapeto kwa October ndi mu February dzuwa limadutsa paliwombo penipeni kuno kwathu.

Zochita zake sizovuta. Chipewa chikhale cha khonde kuzungulira mutu wonse, kapu imasiya makutu ndi khosi pamtunda, malo omwewo omwe mwanena kuti afiira. Malaya a manja aatali, nsalu yothithikana bwino, mukaiyang'anitsa kudzuwa isamaonetse kuwala. Pakati pa 10 koloko m'mawa ndi 4 koloko masana akhale pamthunzi, ndipo ngati palibe wotchi muphunzitseni kuyang'ana chithunzithunzi chake pansi, chikafupika kuposa iye mwini achoke padzuwa. Poti ndinu aphunzitsi mwayi muli nawo, kambiranani ndi anzanu komanso ahedi kuti kalasi ikatuluka iye azikhala pansi pa mtengo, nanga si kuzizira kumathetsedwa ndi juzi. Mafuta oteteza kudzuwa akhale a SPF 50 (nambala yolembedwa pabotolo yosonyeza mphamvu yake yoteteza), kudzola pa maola awiri aliwonse osati kamodzi m'mawa basi, osaiwala milomo ndi kuseri kwa makutu. Kafunseni ku chipatala cha boma kapena a APAM, bungwe la anthu achialubino. Vaselini ndi gilisalini zimangofewetsa khungu, UV imadutsa bwinobwino.

Enanu a khungu lakuda musati izi sizikutikhudza. Khungu lathu limatetezako ndithu, koma maso ayi. Alimi a kachewere ku Tsangano, amayi ogulitsa kabichi tsiku lonse pa Lizulu, akabaza, dzuwa la zaka zambiri limathandizira ng'ala komanso kanyama kaja kamamera pa diso kuchokera cha kumphuno. Magalasi akuda apamsika opanda chizindikiro cha UV400 akhoza kukupwetekani kuposa kukhala osavala, chifukwa mumdima mwana wa diso amatseguka ndiye cheza chimalowa chambiri. Odzola mafuta oyeretsa khungu nawonso, achotsa okha chitetezo chomwe anabadwa nacho.

Kwa mwana wanuyo, muzimuyang'ana khungu pomusambitsa. Mukaona kachilonda kapena kankhanambo kokhakhala komwe kakutha masabata osapola, makamaka pamlomo, pakhutu kapena pakhosi, musadikire holide, pitani naye kuchipatala akakaone. Khansa yapakhungu imayamba choncho, ndipo ikapezeka isanakule amaichotsa.