Mtima uli dyokodyoko: mafunso a anthu amene ayambanso kuwerenga

Mafunso a ulendo uno achokera kwa anthu amene anasiya mabuku kalekale, ena atangolemba mayeso omaliza, koma tsopano nkhani zopeka zawakokanso, za m'mabuku ndi za pa wailesi yakanema zomwe. Vuto lawo ndi limodzi: akafuna kusimbira anzawo, mawu akuwathawa.

Aphunzitsi, ndinatha zaka zambiri osagwira buku, koma pano sindigona ndisanawerenge. Ndinalembera mnzanga kuti "ndikuwerenganso", iye n'kundifunsa buku lomwe ndikubwereza. Ndinalakwitsa pati?

Simunalakwitse kwenikweni, mayi, kungoti kachidutswa ka -nso kali ndi ntchito zingapo. "Ndikuwerenganso" akhoza kutanthauza kuti mukubwereza buku lomwe munamaliza kale, kapena kuti pa zina zomwe mukuchita mwaonjezapo kuwerenga. Mnzanuyo anatola tanthauzo loyambalo. Inu mumafuna kunena kuti chizolowezi chomwe munachisiya chadzuka, ndipo pamenepo -nso akhale pa mneni "kuyamba": "Ndayambanso kuwerenga mabuku." Muchenjere ndi "ndayambiranso". Munthu akati "ndayambiranso buku lija", ambirife timamva kuti wabwerera pa tsamba loyamba, mwina chifukwa nkhani inamusokonekera pakati.

Pofotokoza za kale lanulo, lembani kuti "ndinkawerenga kwambiri ndili mtsikana". Pakamwa timathanso kunena kuti "ndimawerenga", womvera n'kudziwa kuti tikunena zakale chifukwa cha mmene liwu lakwerera ndi kutsikira. Koma kalembedwe kathu sikaonetsa kukwera kwa liwu, ndiye papepala "ndimawerenga" wa kale ndi "ndimawerenga" wa masiku onse amaoneka chimodzimodzi. Mukaika -nka- palibenso wosokonezeka.

Ndaonanso ena akulemba kuti "ndapezanso chikondi changa cha kuwerenga". Zimamveka ndithu, koma chikondi sichitayika ngati kiyi wa nyumba kuti tikachitole penapake. Nenani kuti "mtima wowerenga wabwerera" kapena "ndayambanso kukonda mabuku".

Ndimakonda nkhani zoti ukaziyamba sungazisiye: za ofufuza milandu, za munthu wosowa, zoti sudziwa kuti zitha bwanji. Pachingerezi pali liwu limodzi la nkhani zoterezi. Nanga ife timazitchula chiyani?

Funso limeneli ndalikonda, achimwene. Musadzivutitse kusaka dzina limodzi. Chichewa sichiika zimenezi m'dzina la nkhaniyo, chimaziika mumtima mwa womvera, ndipo chimasiyanitsa bwino kwambiri zomwe zikuchitika mumtimamo.

Mukamawerenga mofulumira, chala chili kale pakona ya tsamba kufuna kutembenuza, ndiye kuti mtima uli dyokodyoko. Mulibe mantha mmenemo, muli kulakalaka kudziwa chotsatira. Koma mwana wa m'nkhaniyo akasowa, mayi ake akuyenda khomo ndi khomo, dzuwa likulowa, inu simulinso dyokodyoko: mtima uli m'mwamba, chifukwa mukudera nkhawa munthu amene mwayamba kumukonda. Chigawenga chikafika pakhomo pomwe wabisala mwanayo, mtima uli phaphapha. Izi ndi zinthu zitatu zosiyana, ndipo nkhani yolembedwa bwino imakudutsitsani monsemo. Ndiye pouza mnzanu mukhoza kunena kuti "ndi nkhani yoika mtima m'mwamba", kapena "bukuli umaliwerenga mtima uli dyokodyoko". Ngati n'loopsa ndithu, ndi "lochititsa nthumanzi", ndipo likafika poti thupi lichite tsemwe, neneninso choncho.

Palinso luso lija lodula nkhani pamalo pokoma, mutu wa buku n'kutha mfuti italozedwa kale koma isanalire, kapena sewero la pa kanema n'kulekezera pomwe envulopu yangotsegulidwa. Apa timati "atisiya m'malere". Mawuwa ndi akale, timawagwiritsa ntchito ngakhale munthu akayamba kutiuza chinthu n'kuchoka asanamalize, ndipo akukwanira bwino pa mabuku ndi pa kanema. Musaiwale kankhodolero kapamwamba polemba, pakuti m' ameneyo akuimira "mu", monga mmene zilili mu "m'buku" ndi "m'mutu". Malamulo a kalembedwe ka Chichewa a mu 1990 ndi omwe ambiri tinaphunzira kusukulu, ndipo pamenepa olemba amagwirizana.

Pomwe zonse zakumana, wofufuza ndi wakupha ayang'anizana, nkhani yafika pachimake. Ena amati yafika pampondachimera. Onse ndi abwino, koma ine ndimasunga lachiwirilo kuti ndiligwiritse ntchito zinthu zikathinadi, chifukwa likatchulidwa pa kalikonse limatha mphamvu.

Kuwerengaku kwandipatsa mtima woti nanenso ndilembe. Koma mkulu wanga atawerenga nkhani yanga anati "mwadzidzidzi" wachuluka. Ndingaike chiyani m'malo mwake?

Mkulu wanuyo ali ndi khutu labwino. "Mwadzidzidzi" amachenjeza wowerenga kuti konzeka, kukubwera chinthu. Tsono munthu wochenjezedwa sadzidzimuka. Taonani chiganizo ichi: "Mwadzidzidzi anamva kugogoda pachitseko ndipo anachita mantha kwambiri, kenako mwadzidzidzi munthu analowa." Palibe cholakwika pa malamulo a chiyankhulo, koma mtima wa wowerenga uli m'malo, sunasunthe.

Tsopano tamvani ichi: "Kunja kunali mdima wa ndiweyani. M'nyumba monse muli zii. Atangoti azimitse nyali, pachitseko gogogo! Iye duu. Asanafunse n'komwe kuti ndani, munthu uja balamanthu."

Chasintha ndi chiyani? Choyamba ndi mvekero: zii, gogogo, duu, balamanthu. Mawu amenewa safotokoza chochitika, amachichititsa pomwepo m'makutu ndi m'maso mwa wowerenga. Ndipo onani kuti pomwe pali mvekero mneni akhoza kuchokeratu. Sitinanene kuti "anaima" kapena "anatulukira", koma aliyense waona. Chiganizo chimafupika pomwe mpweya wa munthuyo wafupika.

Chachiwiri ndi tizidutswa ta nthawi. "Atangoti azimitse" amatiimika pakati pa chinthu choyambika koma chosatha. "Asanafunse" amatiuza kuti nthawi yamuthera. Yesani kuwerenga mabuku omwe amakugwirani mtima, mudzapeza kuti malo oopsa kwambiri amangidwa pa -tango- ndi -sana-, komanso pa mawu ngati "anali atatsala pang'ono". Nthawi zonse pali chinthu chomwe chatsala pang'ono kuchitika, ndipo wolemba akuchedwetsa dala.

Pena ndimamva anthu ophunzira akunena kuti mvekero ndi wa nthano za ana, sayenera kulowa m'buku la akuluakulu. Sindigwirizana nazo ngakhale pang'ono, ndipo zimandipweteka ndikaona wolemba waluso akudzimana chida chimenechi pofuna kuoneka wozama. Chofunika ndi muyeso basi. Mivekero iwiri kapena itatu pamalo pothina ndi yokwanira. Mukaithira m'chiganizo chilichonse, wowerenga amazolowera, ndipo gogogo wanu samudzidzimutsanso.

Kodi timati "kuona kanema" kapena "kuonera kanema"? Nanga masewero aja amene amapitirira sabata ndi sabata tiziwatchula bwanji?

Timaonera. Kuona n'kwa maso chabe: mukhoza kuona kanema ili pakhoma yozimitsa. Kuonera n'kukhala pansi n'kutsatira zomwe zikuchitika, monga mmene timaonera mpira. "Kuyang'ana" ndi kulozetsa maso, ndipo wina amene maso ali dwii pa kanema osaphethira, ameneyo watengeka. Ena amalemba "kuwonera", ena "kuonera". Zonse mudzazipeza m'mabuku osindikizidwa, inu sankhani chimodzi musasinthesinthe m'nkhani imodzi.

Za masewerowo, "sewero la magawomagawo" limamveka kwa aliyense, ndipo chidutswa chimodzi ndi "gawo": "Ndaonera magawo anayi usiku umodzi." Achinyamata amati "episodi" ndi "sizoni", ndipo pocheza palibe vuto. Polembera anthu a misinkhu yonse, "gawo" ndiye amafika patali. M'buku, chidutswa choterocho ndi "mutu".

Mchemwali wanga amakonda kundiuza mmene nkhani ithere ine ndisanafike kumapeto. Ndimuletse ndi mawu otani achidule?

"Musandiuziretu." Liwu limodzi lomweli lakwana. Mneni akalandira msintho wamchitira (kachidutswa ka -ir- kapena -er-) kenako -tu kumapeto, amatanthauza kuchita chinthu nthawi yake isanakwane: kuuziratu, kuneneratu, kudziwiratu. N'chifukwa chake "musandiuze" ndi "musandiuziretu" si chimodzimodzi. Woyambayo akukana kumva mpaka kalekale, pomwe wachiwiriyo akuti dikirani ndifike ndekha. Ngati aulula kale, dandaulo lake ndi lakuti "mwandiululira mathero" kapena "mwandisukulutsira nkhani". Lachiwirili ndi lomwe limanena zoona zake, pakuti nkhani yoika mtima m'mwamba ukaidziwiratu mathero imasukuluka.

Mwana wanga wandifunsa chifukwa chake timati "kuwerenga buku" komanso "kuwerenga ndalama". Kodi ndi liwu limodzi?

Ndi limodzi, bambo, ndipo si ife tokha. M'Chishona "kuverenga" amagwiranso ntchito ziwiri zomwezi. Liwuli linalipo mabuku asanafike, likutanthauza kutchula zinthu chimodzichimodzi kuti udziwe kuchuluka kwake, ndipo zilembo zitabwera linasenzanso ntchito yatsopanoyo. M'mabuku ena mudzalipeza litalembedwa "kuŵerenga", ndi kachizindikiro pamwamba pa w, konga kaja ka mu "Malaŵi". Kamasonyeza w wofewa amene ena amamutchulabe, ngakhale masiku ano ambiri amangolemba w wamba.

Mumuonetsenso mwanayo mmene misintho imagawira matanthauzo awiriwa. "Kalatayi ndi yowerengeka" ndiye kuti zilembo zake zikuoneka bwino, koma "kunabwera anthu owerengeka" ndiye kuti anali ochepa. "Ndiwerengereni" akhoza kukhala mwana wopempha nthano ya m'buku asanagone, kapena munthu wofuna kudziwa ngati chenji chake chakwana. Chomwe chili m'manja mwa wopemphayo ndicho chimakuuzani tanthauzo.