Matayala a performance koma ndalama ndi yochepa: yankho kwa achimwene aku Nchalo

Imelo ya sabata ino yachokera kwa achimwene ena aku Nchalo, dzina sinditchula. Akuti ali ndi Toyota Mark X ya 250G, anaigula kwa munthu ili kale ndi marimu a 18 ndi matayala a 225/45 R18, pano onse anayi atha ndipo limodzi latupa m'mbali atagwera m'dzenje akupita ku Ngabu. Ndalama imene asonkhanitsa ikukwana chimodzi mwa zitatu: matayala awiri atsopano a dzina lalikulu, anayi atsopano a dzina lapakatikati, kapena anayi a kaunjika a Michelin omwe munthu wina akutsatsa pa WhatsApp. Funso lawo ndi loti agule ati, poti akufuna a performance kuti galimoto izigwirabe msewu ngati kale.

Achimwene, gulani anayi atsopano apakatikatiwo, ndipo mukalimba mtima mutsikenso rimu kuchoka pa 18 kufika pa 16. Ndikudziwa kuti zotsika rimuzi zakuwawani kale, koma tandimverani kaye.

Tayala la performance lenileni, za Michelin Pilot Sport, Bridgestone Potenza, Yokohama Advan ndi anzake, analipanga ndi labala wofewa kuti lizimata phula pa kona, m'mbali mwake ndi mwafupi komanso molimba kuti mukangokhotetsa chiwongolero galimoto imve pompo. Zimenezo ndi zabwino pa msewu wosalala. Ndiye taganizirani msewu umene inu mumayenda tsiku ndi tsiku, M1 kuchoka ku Thabwa, kuoloka mlatho wa Kamuzu, Dyeratu, Nchalo, Ngabu, Bangula mpaka ku Nsanje, malo ena phula labwinobwino malo ena madzi anadya m'mphepete nthawi ya namondwe wa Ana mu 2022 ndi wa Freddy mu 2023, kutsogolo kuli akabaza atatu ondondozana, ng'ombe zikuoloka mosapupuluma, lole ya nzimbe yagwetsa mapesi, ndiyeno dzenje limakuonekerani mutafika kale. Kuno kumunsi chimene tayala likuyenera kupambana ndi kutentha, maenje, ndi kuima msanga mvula yoyamba ikagwa pa phula lafumbi. Kona yoti muthamangepo ili pati? Makona enieni ali pokwera phiri kupita ku Blantyre basi, ndipo pamenepo kutsogolo kumakhala lole ikukwawa.

Tiyeni tione manambala ali pa tayala lanulo. 225 ndi kutambalala kwake m'mamilimita, 45 akutanthauza kuti kutalika kwa m'mbali ndi 45 peresenti ya 225 ija, ndiye kuti kuchoka pa rimu kufika pa msewu pali mamilimita 101 okha. Mark X ya 250G wamba imachoka ku Japan ili ndi 215/60 R16, m'mbali mwake mamilimita 129. Kusiyana kwake ndi masentimita pafupifupi atatu, ukamamva ngati zochepa, koma ndi masentimita amenewo amene amapangitsa kuti dzenje likumenyeni n'kudutsa kapena rimu ipane tayala n'kudula ulusi wam'kati. Chotupa chimene mwachionacho ndi ulusi woduka, mpweya ukukankha labala yekha. Chimenecho sichimatidwa, wina asakunamizeni kuti aika chigamba m'kati kapena chubu zitheka. Lichotseni lero, ngakhale mukhale mukuyendera sipeya kudikira atsopano.

Chosangalatsa n'choti matayala awiriwa kukula kwake konse ndi kofanana ndithu, la 18 lija ndi mamilimita pafupifupi 660, la 16 ndi pafupifupi 664, ndiye sipidomita siikunamizani, ABS yoteteza kuti mawilo asamange poponda mabuleki siisokonezeka, galimoto siitsika. Komanso saizi ya 16 imatsika mtengo poyerekeza ndi ya 18 ya kampani yomweyo, imapezekanso mosavuta tsiku limene mwaphulitsa muli kutali. Marimu a 16 a Toyota a mabowo asanu, 5x114.3, amapezeka kwa ogulitsa zipangizo zakale ku Blantyre ndi ku Limbe, ndipo a 18 anuwo alipo anyamata ambiri amene akuwasirira, mutha kugulitsa kapena kusinthana n'kutsala ndi kachenji. Kungoti muyese kaye rimu imodzi kutsogolo muone ngati siikukhudza kalipa ya mabuleki, makamaka ngati mwini wake woyamba anasinthako zinthu. Ngati mtima ukukana zedi kuti galimoto ioneka ngati ya abusa, pali 17, saizi ya 215/55 R17 imagwera pafupi pomwepo.

Tsopano nkhani ya kutentha, apa ndi pamene ndikufuna tikhalitsepo chifukwa anzathu aku Lilongwe ndi ku Mzuzu akamalangiza za matayala amaiwala kuti ku chigwa cha Shire mu Okutobala ndi Novembala zimadutsa madigiri 40 pa mthunzi, nanga phula ndiye bwanji, loti nkhwaira imachita kumata. Tayala likamazungulira limapindika n'kuwongoka, kupindika n'kuwongoka, ndiye limadzipangira kutentha kwakekwake kuwonjezera pa kwa msewu. Kutentha kukapitirira, labala amayamba kulekana ndi mawaya am'kati, mumangomva phuu galimoto yayamba kukoka. Ndiye pogula muyang'ane chilembo chimene chimabwera pambuyo pa saizi, mwachitsanzo 95H kapena 91W. Nambalayo ndi katundu amene tayala limodzi linganyamule, 91 ndi makilo 615, 95 ndi makilo 690. Chilembocho ndi liwiro, T ndi 190 pa ola, H ndi 210, V ndi 240, W ndi 270. Palibe akuti muzithamanga 240 pa Bereu ayi, koma tayala lopangidwa kuti lipirire 210 kapena 240 ndi lomwe linapangidwa kuti lipirire kutentha, n'chifukwa chake ine kuno sindilangiza munthu wa galimoto yolemera ngati yanuyo kutsika pansi pa H. Nambala ya katundu nayo isatsike pansi pa imene yalembedwa pa kasitika ka pakhomo la dalaivala, poti tonse tikudziwa kuti pobwera ku mudzi m'buti mumakhala thumba la chimanga ndi la mpunga, kumbuyo anthu anayi.

Matayala ambiri amalembanso timawu titatu m'mbali: Treadwear, Traction, Temperature. Ndi muyeso waku America, si onse ali nawo, koma likakhala nawo werengani. Temperature ikhale A, osati B kapena C. Traction ikhale A kapena AA, imeneyo ikunena za kuima pa msewu wonyowa. Treadwear ndi ya kachedwedwe kutha, a performance enieni amakhala cha m'ma 200 mpaka 300 ndi kenakake, pomwe a ulendo wamba amafika 400 kupita m'tsogolo. Manambala amenewa kampani iliyonse imadziyeza yokha ndiye musawatenge ngati Baibulo poyerekeza makampani awiri, koma akuuzani chinthu chimodzi choona: tayala logwira kwambiri limatha msanga, ndipo pa phula lotentha la kwathu kuno limatha msanga kuposa apo. Munthu amene ndalama ikumuvuta lero sangamagule tayala loti chaka chamawa abwererenso ku shopu.

Za a kaunjika a Michelin aja. Sindikunena kuti aliyense wogulitsa kaunjika ndi wakuba, ndipo ndikumvetsa chifukwa chake anthu akuthamangira kumeneko, chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 chilichonse chochokera kunja chinauluka. Koma dzina silikalamba, labala amakalamba. Pa matayala ambiri pali pamene alemba DOT, kumapeto kwake kuli manambala anayi m'kabokosi kozungulira, awiri oyamba ndi sabata awiri omaliza ndi chaka, ndiye 2319 ndiye kuti sabata ya 23 chaka cha 2019. Nthawi zina amalemba mbali imodzi yokha, litembenuzeni. Makampani a matayala eni ake amati likadutsa zaka zisanu liziyang'anitsitsidwa chaka chilichonse ndipo zikakwana khumi lichotsedwe ngakhale mizere ikadalipo, nanji galimoto yanu yowotha dzuwa la Nchalo tsiku lonse. Uzani wa pa WhatsApp uja akutumizireni chithunzi cha manambala anayiwo pa tayala lililonse. Akayamba zoti bwana ingobwerani muone nokha ndi abwino kwambiri, mwadziwa kale.

Ndipo ngakhale chaka chikhale chabwino, lili pansi lopanda mpweya simungaone zonse. Lowetsani dzanja m'kati muzungulize, mukamva zigamba ziwiri zitatu, kapena chigamba chakumbali, kapena ufa wakuda wa labala umene umasonyeza kuti linayendapo lopanda mpweya, lisiyeni. Lipindeni m'mbali muone ngati timing'alu tikutseguka. Ena amachita kugoba mizere ndi chitsulo chamoto kuti lioneke lakuya, muona mizere yake ndi yosalala modabwitsa ndipo timitumbira tam'kati mwa mizere tasowa, tija timasonyeza kuti tayala lafika pa mamilimita 1.6 latha. Chinanso chimene chimapweteka anthu ambiri ndi matayala a chipale aku Japan. Amaoneka okongola, mizere yakuya, timizere tambirimbiri tokhotakhota, ukadina ndi chala labala wake wofewa, ndiye munthu amaona ngati wapeza performance. Mukaona palembedwa STUDLESS, kapena kachithunzi ka phiri kali ndi kanyenyezi ka chipale, kapena maina ngati Blizzak, iceGUARD, Winter Maxx, amenewo ndi a ku Hokkaido, kumpoto kwa Japan kozizira kwambiri, pa phula lotentha amasungunuka ngati sopo ndipo mabuleki amatalika, mvula ikagwa ndiye zimanyanya.

Nanga zogula awiri okha a dzina lalikulu? Zikanatheka akanakhala kuti awiri enawo akadali ndi moyo, koma mwanena nokha kuti onse atha. Galimoto yokhala ndi awiri omata kwambiri ndi awiri osalala ndi yoopsa kuposa yokhala ndi anayi apakatikati ofanana, chifukwa mbali ina ikugwira ina ikutsetsereka. Kwa ena amene mukuwerenga muli ndi awiri abwinobe: atsopanowo aziikidwa kumbuyo, kaya galimoto imakoka ndi kutsogolo kaya ndi kumbuyo, chifukwa kumbuyo kukathawa pa msewu wonyowa palibe chimene chiwongolero chingachite. A Subaru ndi ena a AWD inu, magalimoto okoka ndi mawilo onse anayi, ndiye anayi onse azikhala ofanana saizi ndi kutha kwake, apo ayi mukhala mukulira ndi dif.

Maina apakatikati amene ndikunena ndi monga Hankook, Kumho ndi Nexen aku Korea, Maxxis waku Taiwan, Falken ndi Toyo aku Japan, komanso Dunlop yemwe ena amachokera pompa pa South Africa. Pansi pake pali aku China, Sailun, Linglong, Triangle, Westlake ndi ena ambirimbiri. Ine aku China sindiwanyoza onse, amene ndatchulawa ndi makampani enieni akuluakulu ndipo latsopano lawo la chaka chino lokhala ndi H kapena V ndi Temperature A ndingalisankhe kusiyana ndi Michelin wa zaka zisanu ndi zitatu. Pamene amasiyana ndi okwera mtengo ndi pa mvula, amafuna mtunda wotalikirapo kuti aime, ndiye ngati ndalama ikulola kukwera sitepe imodzi kwerani. Chimene ndimakana ndi dzina loti ngakhale pa intaneti silikupezeka. Ndipo latsopano nalo muone deti, pali ena amakhalitsa m'shopu zaka zinayi ali ndi sitika yake.

Musathere ndalama yonse pa labala. Siyani ina ya mavalavu atsopano, balansi ndi alayimenti, poti dzenje limene linatupitsa tayala lija mwina linasunthanso miyendo, ndipo alayimenti ikapotoka tayala latsopano limadyeka mbali imodzi miyezi yochepa. Makina abwino a alayimenti ambiri ali ku Blantyre, ndiye gulani ndi kumangitsa komweko tsiku limodzi, muwauzenso aone mashoko ndi mabushi. Akamamanga muimirire pomwepo, tayala lina limakhala ndi muvi wolembedwa ROTATION lina lili ndi OUTSIDE, anyamata akatanganidwa amatembenuza.

Chomaliza ndi mpweya, ndipo ichi ndi chaulere. Gulani kageji kanu, ka opopa am'mbali mwa msewu kambiri kanatopa ndipo ena amangomenya tayala ndi sipanala n'kunena kuti zili bwino bwana. Muziyeza m'mawa galimoto isanayende, motsatira kasitika ka pakhomo kaja, mukatsika pa 16 ndiye kuti manambala ake ndi omwewo a kufakitale. Pali chizolowezi kuno choti kukatentha anthu amaphwetsako pang'ono poopa kuti liphulika, chimenecho ndiye chimaphulitsa, chifukwa tayala lopanda mpweya wokwanira limapindika kwambiri n'kutentha koposa. Mukayeza masana mutayenda geji iwerenga mokwera, zimenezo n'zachibadwa, musachotse. Ndipo potsika phiri kuchoka ku Blantyre ikani giya yotsika injini ikugwirireni, mabuleki akapsa kutentha kwake kumalowa mu rimu mpaka mu tayala, mumafika pa Thabwa fungo lili tholo.

Mukapita ku shopu mundijambulire manambala onse am'mbali musanalipire, saizi, chilembo ndi DOT, nditumizireni pa imelo yomwe ija tione limodzi.